Kuyenda Chimanjamanja

Lolemba

Ndayamba lero. Nsapato zoyera zija anatumiza Edina ndazivala. Zikundifinya chala chaching'ono, koma sindiuza munthu.

Ndilembe bwinobwino chimene ndikuvutikira, kuti miyendo ikayamba kudandaula ndiziiwerengera. Sabata yatha kuchipatala anandiyeza bipi. Namwino anayang'ana makina, anandiyang'ana ine, anayang'ananso makina. Akuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo mankhwala okha sakwanira. Ndichepetse mchere, ndiziyenda tsiku lililonse mwandawala mpaka thukuta. "Osati kayendedwe ka pa ukwati, mayi. Kuyenda kwenikweni."

Ndinalakwitsa kumuuza Edina. Ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, amakhala ku Blantyre, ndipo pafoni amalankhula ngati ndiye anandibala. Akuti bipi ikapanda kutsika, abwera kudzanditenga ndikakhale kwawo. Kwawoko ndinakuona. Chipinda chimodzi ndi adzukulu, zenera loyang'ana khoma la eni ake. Sindipita. Nyumba ino tinamanga ndi malemu bambo ake, manda awo ali pompano pa Mishoni, ndipo mango anga angoyamba kupsa.

Dongosolo langa:
— kudzuka dzuwa lisanatenthe
— kutsika ndi msewu mpaka pa mlatho, n'kubwerera
— mchere wongolawitsa
— osaima

Chomalizachi ndiye chagwa msanga. Ndangotseka geti, mayi wina wochokera ku mjigo watula ndowa. Mwadzuka bwanji, tadzuka, kaya inu, nanga kutenthaku. Kenako funso lija: ulendo wa kuti? Ndikuti ndikungoyenda. Akundiyang'ana m'manja, akundiyang'ana kumutu. Mulibe kanthu, palibe kanthu.

Zimene ndamva ndisanafike ngakhale pachigayo:
— "Kungoyenda kupita kuti?"
— "Mwataya chiyani, tikuthandizeni kufuna?"
— "Nsapatozo ndi za kutchalitchi kapena za kuchipatala?"
— a Makwinja, mkulu wa mpingo wathu: "Munthu sangoyenda, mayi. Ngakhale nkhuku imakhala ikufuna kanthu."

Ndiye pali a Yusufu a njinga yamoto. Akunditsatira pang'onopang'ono pambali, phazi limodzi likukwekwesa pansi, nkhope yachisoni. "Kwerani mayi, lero ndi zaulere. Tonse timasowa." Akuganiza kuti ndashota. Ine!

Mlatho sindinauone. Thukuta ndatuluka, koma la mkwiyo.

Ndabwerera, ndakiya geti. Mpanda wa njerwawu bambo a Edina anamanga atapuma pa ntchito, akuti tizigona mtima uli m'malo. Sanaganize kuti odi sadutsa geti lachitsulo. Chichitikireni maliro awo, anthu amene alowa muno ndikhoza kuwatchula mayina mpweya usanandithere. Ndadya ndekha, ndiwo zopanda mchere. Zoipa kwabasi.

Lachiwiri

Nzeru zabwera ndikusesa. Vuto ndi manja. Kuno munthu wamkazi sayenda chimanjamanja. Lero ndasenza dengu. Lopanda kanthu, koma ali pansi saona zam'mwamba.

Zayenda bwino mpaka pakhomo pa Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, amene amakazinga mandasi. "Kumsika ku Songani?" Ndati ee, kuti nkhani ithe msanga. Nkhani ndiye yayamba.

Zimene andituma:
— Abiti Saidi: yisiti ndi mafuta ophikira, osati a m'botolo lachikasu aja, amanunkha
— mayi wa ku mjigo uja: usipa, koma ndiulawe kaye
— a Makwinja: mabatire a wailesi
— mayi wina amene dzina lake sindilidziwa n'komwe: nkhuku yamoyo, ndikapatse mlongo wake amene amasoka pakhonde la sitolo

Ndikanatani? Ndinene kuti ndanama, dengu ndasenzera ulemu? Ku Songani si pafupi, ndipo nkhuku inayamba kale kundiipitsira mpango. A Yusufu afika ngati anaitanidwa. Ndakwera. Kupita pa njinga, kubwera pa njinga, dengu pamiyendo, nsapato zoyera zili lende m'mwamba osakhudza fumbi.

Kumsika njala inandigwira. Ndadya tchipisi cha pachiwaya. Wogulitsayo anathira mchere ndi dzanja lonse, ine n'kumangoyang'ana kumbali.

Madzulo onse abwera kudzatenga zinthu zawo. Ndinayala mkeka pakhonde. Onse alandirira pageti, zikomo, mwatithandiza, tikuthamangira kukaphika. Mkeka ndaupindanso.

Edina waimba. "Mwayenda lero?" Ndati ndafika mpaka ku Songani. Akuti wanyadira. Si bodza lenileni, koma mtima sukukhala pansi.

Lachitatu

Dengu ayi. Msewu ayi. Lero khasu paphewa, njira ya kuminda. Munthu wa khasu safunsidwa, aliyense amadziwa kumene akupita.

M'mawa wokoma. Phiri la Malosa likuoneka mbee, anthu ali kalikiliki kuunga mizere mvula isanagwe. Ndadutsa m'malire mwa munda umene anandisiyira malemu mayi anga. Ndinaubwereketsa kwa a Makwinja kalekale, ine msana sulola. Kanjira kake n'kowongoka bwino, ndiye ndapita, ndabwera, ndapitanso, ndikutaya miyendo monga ananenera namwino, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Thukuta pang'ono. Ndasangalala.

Masana, kugogoda pageti. Mlendo! Ndaika ketulo pamoto ndisanatsegule n'komwe. Makapu awiri, aja amaluwa amene timasungira abusa.

A Makwinja, chipewa m'manja, nkhope yolimba. Ndikuti lowani. Akuti apa pomwe pali bwino. Akuti anthu andiona ndikuyeza munda ndi mapazi, ndikuwerenga chapansipansi. "Mizere ndaunga kale, mbewu ndagula. Ngati mwapeza wogula, mukanangondiuza ngati Mkhristu mnzanu."

Ndafotokoza za bipi, za namwino, za Edina. Akumvetsera ngati munthu amene akunamizidwa ndi wamkulu amene sangamutsutse. Pomaliza akuti, "Ndiye khasu linali la chiyani?"

Avala chipewa chawo. Apita.

Tiyi ndamwa makapu onse awiri. Ndi shuga yemwe. Za shuga namwino sananenepo kanthu.

Nyumba ili zii. Ndayatsa wailesi kuti pakhale wolankhula, koma akungonena za mitengo ya feteleza.

Lachinayi

Ndadzuka nditakwiya. Lero sindinyamula kanthu, sindiyankha munthu, sindiima. Moyo ndi wanga, bipi ndi yanga. Foni ndaisiya patebulo kuti isandichedwetse.

Ndalowera kumtunda, njira ya ku Mishoni. Ndawala yeniyeni. Moni akubwera uku ndi uku, ine ndikungokweza dzanja, mutu pansi. Thukuta likulowa m'maso, ndikupukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndadutsa pa a Makwinja osacheuka. Ndafika kutchalitchi mtima ukugunda m'makutu. Mpweya utandithera, ndakakhala pamthunzi pafupi ndi manda a bambo a Edina. Ndawauza kuti lero ndiye ndayenda. Ndakhala nthawi ndithu, pamalopo pamapita kamphepo.

Pobwerera, ndikutsika monyadira, ndikuona masamba aikidwa pamsewu. Maliro. A ndani? Ndikuyandikira, masambawo ali pageti panga. Geti lili pululu.

Amayi ali pamikeka, mitu yowerama. Mbale za ufa pakhonde. Mitolo ya nkhuni. Abambo akhala pansi pa mango, a Makwinja pakati, buku la nyimbo pabondo. Ndalowa pang'onopang'ono. Abiti Saidi anyamuka, andigwira m'mapewa, misozi ili mbwe. "Pepani, pepani anzanga. Mwana mmodzi yekhayo."

Ndagwa pansi. Ndalira. Sindinalirepo chotero ngakhale pa maliro a bambo ake. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: amva uthenga ine ndili kokayenda, foni ndinaisiya, mwana wanga wafa ine ndikuthamangitsana ndi thukuta. Amayi onse alandira kulirako, bwalo lonse lagwedezeka.

Foni ikulira m'nyumba. Wina waibweretsa. Ndikuyang'ana dzina, sindikumvetsa. Ndayankha.

"Amayi, ndani akuuza anthu kuti ine ndafa?"

A Yusufu anali ataimbira mwamuna wa Edina kumupepesa. Edina anali kuntchito, akudya nthochi.

Mawu a Edina amveka bwalo lonse. Woyamba kuseka ndi Abiti Saidi, misozi ikadali m'masaya, mpaka anagwira nthiti. Ine ndikuseka, ndikulira, foni ndaikumbatira pachifuwa, Edina akukalipa m'kati mwa bulauzi.

A Makwinja akuti mlandu si wawo. "Munthu wamkulu, m'mamawa, chimanjamanja, liwiro, moni osayankha, akupukuta m'maso, walowera kutchalitchi, wakakhala kumanda. Ife tikanaganiza chiyani? Ndipo muli ndi ndani winanso woti n'kumulira?" Funso lomalizali analifunsa mopanda choipa mumtima. Landilowa komabe.

Masamba achotsa pamsewu msangamsanga. Koma anthu sanabalalike. Nkhuni zinalipo kale, moto wayaka, Abiti Saidi abweretsa beseni la mandasi. Ndatulutsa makapu onse, ngakhale obenthuka. Takamba za mvula, za mbuzi za eni ake, za amene anakwatiwa ndi amene anathawidwa. Mayi wa nkhuku uja dzina lake ndi Nasibeko, ndipo mayi ake anaimba kwaya ndi mayi anga. Ena athyola mango osapempha. Ndinakondwa kuwaona akuthyola.

Mulungu andikhululukire, ndi Edina yemwe: lero ndi tsiku labwino.

Dzuwa litapendeka ndawaperekeza, monga mwa mwambo. Ndipo taonani, tikuyenda pamsewu, manja opanda kanthu, palibe wofunsa. Woperekeza alendo safunsidwa. Gulu likuchepa pakhomo lililonse, ine ndikupitirira. Womaliza ndi Nasibeko, amakhala kutsidya. Ndamufikitsa pa mlatho. Mlatho uja!

Pobwerera ndekha wina wafunsa. Ndati ndimaperekeza alendo. Wagwedeza mutu, wapitirira. Mawu amenewa akoma m'kamwa mwanga.

Lachisanu

Njira ndaipeza. Dongosolo latsopano:
— kukhala ndi alendo
— kuwaperekeza kutali

Ndasesa bwalo lonse. Geti ndatsegula mbali zonse ziwiri, ndatsekereza ndi njerwa. Mkeka pakhonde, mango m'beseni, ketulo pamoto. Nsapato ndavaliratu.

Palowa mbuzi.

Ndadikira. Odutsa pamsewu akusuzumira, akupereka moni mofuula, akufulumira. Ena akubisa nkhope, manyazi a dzulo. Masana abambo achisilamu adutsa ndi mikanjo yawo kupita ku mzikiti, adutsanso pobwerera. Madzi a m'ketulo aphwa, ndathiramo ena.

Kenako ndaona mbale za ufa zija zili pakona. Eni ake anaziiwala, kapena anachita manyazi kuzitenga. Mbale sibwezedwa yopanda kanthu. Ufa ndaubwezera m'mapepala, pamwamba ndaika mango, zonse m'dengu. Ulendo wokhala ndi chifukwa chake, pamaso pa Mulungu ndi anthu.

Khomo loyamba, loko. Lachiwiri, galu yekha. Lachitatu, mayi ali pa mtondo, walandira ndi manja awiri, akuti, "Mwavutikiranji, mukanangotuma mwana." Lachinayi mawu omwewo. Kulikonse mawu omwewo. Ndikungomwetulira. Mwana wake uti?

Onse akuti abwera adzandione. Akunena zoona, ndikudziwa. Kungoti tsiku lake ndikulidziwanso, ndi lija la masamba pamsewu.

Bondo lakumanzere layamba kulankhula cha kwa Nasibeko. Pofika kwa Abiti Saidi likukuwa. Iwo andikhazika pampando, andipatsa madzi, akutembenuza mandasi uku akundiseka za dzulo. Ndinafuna kukhalitsa, koma makasitomala anali pamzere. Andiperekeza mpaka pageti panga. Kuchoka pakhomo pawo kufika pageti panga ndi pafupi momvetsa chisoni.

Edina sanaimbe lero. Kukhala chete kwake ndimakudziwa.

Loweruka

Bondo latupa ngati papaya. Ndalimanga ndi mpango. Ndimati ndiyesere kuzungulira nyumba m'kati mwa mpanda, koma ndaganiza zimene anganene akandiona ndikuzungulira nyumba ndekha ndikudumphira mwendo umodzi. Za ufiti sindikuzifuna pa ukalamba uno.

Kulira kwa njinga yamoto pageti. A Yusufu, kumbuyo kwawo Edina. Wamoyo, wonenepa bwino, nkhope ngati ya bambo ake akapeza mbuzi m'dimba. Ndamugwiragwira m'mikono, m'masaya. Akuti ndisiye, anthu akuona.

Wabwera ndi makina oyezera bipi, wabwereka kwa mnzake. Wandimanga pamkono. Wayang'ana. Wayezanso mkono winawo, ngati kuti winawo ndi wa munthu wina. Bipi yakwera kuposa ya kuchipatala ija.

Zimene a Yusufu amuuza m'njira, zonse mwaulemu:
— kuti ndimasenza dengu lopanda kanthu
— kuti ndimayeza minda ya anthu ndikulankhula ndekha
— kuti ndimacheza kumanda
— kuti ku Songani ndinapita pa njinga, ndipo tchipisi ndinamaliza

Ndadziteteza. Ndati sabata imodzi siyokwanira, bondo lipola, njira ndaipeza, ndikungosowa alendo. Ndati nyumba ino siingakhale yopanda munthu. Ndati manda a bambo ako adzalambula ndani? Mawu ndinali nawo ambiri, ndipo ena anali abwino.

Iye sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Wakhala pakhonde, wavula nsapato, akulira mwakachetechete. Akuti Lachinayi, atatha kukwiya, anakhala pansi n'kuganiza. "Tsiku lina foni ija idzabwera kwa ine, amayi, ndipo sidzakhala yolakwika. Mukadzagwa m'nyumba muno geti lili lokiya, adzadziwa ndani? Patapita masiku angati?"

Ndinafuna kutchula dzina la munthu. Ndafufuza m'mutu. Abiti Saidi mwina, akadzasowa wowagulira yisiti.

Ndalowa m'nyumba kukatsitsa sutukesi pamwamba pa wadirobu.

Zolongedza:
— zovala za kutchalitchi
— chithunzi cha bambo ake
— makapu amaluwa, ngakhale Edina akuti kwawo makapu alipo
— mankhwala
— mango, amene angakwane

Lamulungu

Kutchalitchi a Makwinja alengeza kuti ndikupita kukakhala ndi mwana. Anawonjezera kuti mwanayo ali moyo, ndipo ndi uyo wakhala apoyo. Anthu aseka, Edina wabisa nkhope m'buku la nyimbo.

Titaweruka, bwalo ladzazanso. Geti silinawaletse lero. Edina anapangana kale ndi a Yusufu ndi mnzawo kuti atitengere pakhomo, koma Abiti Saidi akana. Akuti munthu wamkulu sachoka pamudzi ngati katundu. Njinga zitsogole, zikadikire pa mlatho.

Sutukesi asenza Nasibeko. Thumba la mango a Makwinja. Makiyi ndapereka kwa Abiti Saidi, awamangirira pa nsonga ya chitenje, akuti azitsegula mazenera ndi kuthamangitsa mbuzi. A Makwinja akuti mandawo azilambula okha, ndipo za munda tisakambenso.

Tatsika ndi msewu tonse, Akhristu ndi Asilamu, fumbi lili koboo. Wina wayambitsa nyimbo, ena akungocheza. Bondo likupweteka, koma osati kwambiri monga ndikuonetsera. Ndikuyenda pang'onopang'ono dala. Ndikuima kuti ndimange bwino mpango. Ndikuima kuti ndione chigayo, ngati sindinachionepo. Edina akuyang'ana foni, akuti minibasi zitithera. Zithe.

Mlatho wafika msanga. Pamenepo woperekeza amabwerera, ndi mmene zimakhalira. Tagwirana chanza mmodzimmodzi. Abiti Saidi angondikankhira kathumba ka mandasi m'manja, otentha. Njinga itanyamuka ndinacheuka. Anali akukwera mtunda pamodzi, osafulumira, wina akufotokoza nkhani ndi manja onse awiri. Ndikuganiza kuti inali nkhani ya ine.

Ndikulemba izi pa Songani, m'minibasi, tikudikira kuti idzaze. Kutentha. Sutukesi ili pamiyendo, kondakitala akukangana ndi Edina za thumba la mango.

Edina wakhala pansi, akupukuta thukuta, akuyesa kundisangalatsa. Akuti pafupi ndi kwawo pali bwalo la mpira limene anthu amakazungulira m'mawa. Akulu, amayi, mabwana, aliyense ndi timawaya take m'makutu. Akuti kumeneko ndikayenda mwamtendere, chifukwa palibe amene amaimitsa mnzake, palibe wopereka moni, palibe angandifunse kanthu ngakhale nditazungulira tsiku lonse.

Ndati chabwino.